Central Park, Nkhalango Yopangidwa ndi Manja a Anthu

Ambiri akaona zithunzi za Central Park mumzinda wa New York amaganiza kuti ndi nkhalango imene inatsala pamene mzindawo unkamangidwa, pomwe pafupifupi chilichonse m'pakiyi chinachita kukonzedwa ndi anthu. Mu 1858 Frederick Law Olmsted ndi Calvert Vaux anapambana mpikisano wojambula mapulani ake, ndipo antchito anaphwanya matanthwe ndi onga, kuumitsa madambo, kukumba nyanja ndi kubzala mitengo pamalo amene lero ndi mahekitala 341. Malowa anali ndi eni ake. Mu 1857 anthu a m'mudzi wa Seneca Village, ambiri mwa iwo akuda amene anali ndi nyumba, matchalitchi ndi sukulu, anasamutsidwa mokakamizidwa, ndipo kwa zaka zambiri nkhaniyi sinkatchulidwa.

Luso la amisiri awiriwa limaonekera pamisewu inayi yodutsa m'pakiyi, imene anaikumba motsika kuti ngolo zisasokoneze oyenda pansi. Muli kasupe wa Bethesda, malo osungirako nyama, bwalo lotsetserekera pamadzi oundana, ndiponso bwalo la udzu la Sheep Meadow, kumene nkhosa zinkadyadi msipu mpaka 1934.

Chopangidwa ndi anthu sichidzisamala chokha. Mzindawu utagwa m'mavuto a zachuma mu 1975, udzu unatha n'kutsala fumbi, mabenchi anathyoka, makoma anadzaza ndi zolembalemba, ndipo anthu ankaopa kulowamo kukada. Mu 1980 Elizabeth Barlow Rogers ndi anzake anakhazikitsa bungwe la Central Park Conservancy, limene limasonkhanitsa ndalama kwa anthu akufuna kwabwino n'kumasamalira pakiyi mogwirizana ndi akuluakulu a mzinda. Anthu amakonda kutama ndalamazo, koma ine ndimaona kuti chachikulu chinachitika mu 1996, pamene anagawa pakiyi m'zigawo 49, chilichonse n'kuchipatsa wochisamalira wake amene amadziwa mitengo ndi njira zake, ndipo amafunsidwa iyeyo zinthu zikawonongeka.

Njira yodalira ndalama za anthu akufuna kwabwino ili ndi vuto lake: pakiyi yazunguliridwa ndi anthu olemera amene amapereka mosavuta, mwayi umene mapaki a m'madera osauka a mzinda womwewu alibe. Ntchito yokonzanso ikupitirirabe, ndipo kuyambira mu 2018 magalimoto a anthu wamba analetsedwa pamisewu yozungulira m'kati mwake, kupatula inayi yotsika ija.