Dzuwa likamalowa, ine ndimayang'ana makutu a kavalo

Lolemba m'mawa, ndisanamwe n'tiyi yemwe, ndinayamba ndaima pakhomo la chipinda cha zishalo n'kuwerenga pepala la madzi. Timalimata kumayambiriro kwa mwezi uliwonse, ndipo limasonyeza ola limene nyanja idzadzaze ndi limene idzaphwere. Ine ndinakulira ku Mangochi, ndipo kwathu nyanja siyenda chonchi. Imakwera mvula ikatha, n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka dzinja lina, basi. Ukasiya bwato pamchenga madzulo, m'mawa ulipeza pomwepo. Kuno ku zilumba za Bazaruto, m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique, madzi amachoka kawiri pa tsiku n'kubweranso kawiri, ndipo tsiku lililonse amachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Ntchito yanga ndi yotsogolera alendo okwera akavalo m'mbali mwa nyanja dzuwa likamalowa. Dzuwalo silivuta, mu July muno limalowa 5 koloko itangopitirira pang'ono. Ovuta ndi madziwa.

Tsikulo pepala linandikomera. Mwezi unali theka, madzi ofooka, ndipo anaphwera chakumadzulo ndithu, kutisiyira mchenga wonyowa wolimba ngati bwalo lozira. Ndinatenga banja la anthu anayi ochokera ku Johannesburg. Tinadutsa amayi akutola mapalo, nkhono zimene anthu a pachilumba pano amadya, ana akutikuwira moni, nkhanu zoyera zikuthawira m'maenje. Palibe anagwa, palibe anadandaula. Masiku oterewa sakhala ndi nkhani.

Za akavalo ndinaphunzirira pamwamba pa phiri la Zomba, kuyambira pa fosholo ndi wilibala. Chimene sindinaphunzire kumeneko ndi mchenga. Mchenga wouma, wotitimira uja, umatopetsa kavalo kuposa chitunda, ndipo ukamuthamangitsamo ndi munthu wolemera kumsana umamuphwanya mitsempha ya m'miyendo. N'chifukwa chake pakhola pathu sitikweza munthu wopitirira makilogalamu 90, ndipo n'chifukwa chake Lachiwiri linandivuta.

Anabwera bambo wina wamkulu thupi, wansangala, atavala kale nsapato zazitali zokwerera zimene zimaoneka kuti angozigula kumene. Pafomu analemba 85. Ine ndinangoona mmene thabwa la pakhonde linalirira atapondapo. Kuuza munthu wamkulu, amene walipira ndalama zake, kuti akwere sikelo pamaso pa mkazi wake, si chinthu chopepuka kwa munthu woleredwa Chimalawi. Njira imene ndinapeza ndi yoti ndimayeza aliyense, ndipo ndimayamba ndine. Ndimakwera sikelo nditanyamula chishalo, n'kunena kuti tiyenera kudziwa kavalo woyenera munthu aliyense. Bamboyo atakwera, singano inakaima kutali ndi 85. Anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa mano okha. Ndinawapempha kuti ayende nafe pansi mpaka pamalo pamene timapumira, ndipo anavomera. Mkazi wawo anakwera, iwo n'kumajambula. Pobwerera sanandipatse kangachepe, ndipo sindinadabwe. Mlendo ndi mame. Kavalo wopunduka mwendo ndiye amatsala nafe miyezi, akudya udzu wobwera pa boti kuchokera kumtunda osagwira ntchito.

Pafomu pomwepo pali funso loti munthu anakwerapo kavalo kangati. Yankho lake sindilikhulupirira. Ndimaona mmene munthu amayandikirira kavalo. Wodziwa amadzera chakuphewa, akulankhula pansipansi, dzanja lili pakhosi. Amene anakwerapo kamodzi ali mwana amadzera kumaso, dzanja lili m'mwamba ngati akuimitsa minibasi, ndipo ndi yemweyo amafunsa kuti tithamanga nthawi yanji.

Lachitatu ndiye ndinachita manyazi.

Tili ndi kavalo wina wamng'ono, wofiira, amene ine ndimamutcha Phwiti chifukwa cha ukathyali wake. Ndi wofatsa, ana amamukwera, koma amakonda madzi ngati bakha. Kavalo akafuna kugona m'madzi amayamba wakuchenjeza: amaima, n'kuweramitsa mutu, n'kuyamba kupalasa madzi ndi phazi lakutsogolo. Alendo zimawasangalatsa, amati akusewera. Ukaona zimenezo umakuwa kuti wokwerayo akoke mutu m'mwamba n'kumugunda ndi zidendene kuti ayende. Ukachedwa pang'ono chabe, mawondo apinda.

Tinali ndi amayi atatu ochokera ku Portugal. Titalowa m'madzi olekeza m'mawondo a akavalo, dzuwa linali litafiira kumtunda kumene kuli tauni ya Vilankulo, ndipo ngalawa ziwiri za asodzi zinkadutsa mathanga atatambasuka. Onse atatu anandipatsa mafoni awo. Ine ndili pa kavalo wanga, zingwe kudzanja limodzi, mafoni atatu kwinaku, ndikufunafuna poti ngalawa ndi dzuwa zilowe pamodzi m'chithunzi. Ndinamva phava, phava, phava kumbali kwanga. Ndinamva ndithu, koma mtima unati ndijambule kamodzi kokha. Pamene ndimatsitsa foni, Phwiti anali atagwada kale, mayi amene anamukwera miyendo ili m'madzi. Mwayi wake anachotsa mapazi m'zopondera n'kudumphira kumbali kavalo asanagubuduke. Anatuluka ali chonyowa mpaka m'khosi, anzake akufa nacho chikhakhali, iye n'kuyambanso kuseka. Ine sindinaseke. Kavalo amalemera makilogalamu oposa 400, ndipo phazi likanakodwa m'chopondera bwenzi tikunena zina. Ndinapepesa m'Chipwitikizi changa chothyokathyoka, ndipo madzulo ndinakadziulula ndekha kwa abwana asanamve kwa ena. Anangondifunsa kuti maso anga anali kuti. Yankho ankalidziwa.

Alendo ambiri amandiuza kuti ndili ndi ntchito yabwino kuposa onse, kuonerera dzuwa likulowa tsiku lililonse n'kumalipidwa. Ndimangovomera. Koma kunena zoona, pa ola limenelo ndimayang'ana makutu. Khutu likaloza kutsogolo, kavalo waona chinthu, kaya galu, kaya thanga la ngalawa likupupira. Onse awiri akagona kumbuyo, wakwiya ndi mnzake amene wamuyandikira kwambiri, ndipo chikubwera ndi chibakera cha mwendo. Ndimayang'ananso zidendene za alendo, lamba wa chishalo ngati wakhwefuka, ndi mzere wa madzi kuti wafika pati. Lachitatu ndi tsiku lokhalo sabata yonseyi limene ndinaliyang'anitsitsa dzuwa, ndipo chishalo chinamwa mchere.

Lachinayi tinayenda bwino, koma usiku wake sitinagone. Pa chakudya chamadzulo Gogo, kavalo wathu wamkazi wokalamba amene timakwezapo amantha onse, sanakhudze chakudya. Ankangotembenuka kuyang'ana mimba yake, n'kumapalasa pansi, kufuna kugona, kudzukanso. Mnzanga amene timagwira naye ntchito, mbadwa ya pachilumba pano wolankhula Chitswa, anangoti, "Achimwene, ndi mchenga umenewu." Akavalo a pamchenga amameza mchenga pang'onopang'ono akamatola udzu pansi, ndipo umakaunjikana m'matumbo. Kavalo sasanza, choncho chimene chalowa chiyenera kutulukira kumbuyo basi.

Ndinaika khutu pamimba yake. Mimba ya kavalo wabwino siikhala chete, imalira ngati mphika wa nyemba. Ya Gogo inkangomveka patalipatali. Ndinatukula mlomo kuona nkhama, zinali zikadali zofiirira bwino, ndipo mtima unkagunda ka 48 pa mphindi, pamene kavalo wopuma sapitirira 44 kawirikawiri. Kenaka tinachita zimene timachita nthawi zonse: kutenga ndowe zake zomaliza, kuziika m'jumbo yoonekera mkati, kuthiramo madzi, kufinya mpaka zisungunuke, n'kuipachika pamsomali. Patapita mphindi zochepa, pangodya ya jumboyo panali patadikha mchenga woti n'kudzaza supuni zingapo. Dokotala wa ziweto ali kutsidya, ndipo usiku boti siliwoloka. Tinamuimbira foni, anatiuza mankhwala oletsa ululu oti tipereke ndi muyeso wake, kuti tichotse chakudya chonse, ndiponso kuti tizimuyendetsa pang'onopang'ono kuti asadzigubuduze.

Tinasinthana kumuyendetsa mozungulira khola, mphepo yakummwera ikuomba, yofanana ndi mwera wa kwathu ndipo imabweranso miyezi yomweyi. Poti usiku ndi wautali, tinayamba kucheza za namondwe. Mnzangayu amakumbukira Favio wa mu February 2007 amene anasasula madenga ku Vilankulo iye ali mnyamata. Atatchula Freddy ndinaima. Iye amamudziwa ngati mphepo imene inatera chapafupi pompano pa 24 February 2023 n'kubwerera kunyanja. Ine ndimamudziwa atabweranso mu March kudzera ku Quelimane, n'kukagumula mapiri ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe. Namondwe mmodzi yemweyo, aliyense ndi maliro ake. Tinakhala chete kanthawi, kumangomva ziboda za Gogo pamchenga.

Cha m'ma 3 koloko m'bandakucha anatukula mchira. Sindikudziwa ngati pali ntchito ina imene amuna awiri akuluakulu amaombera m'manja ndowe, koma ife tinaomba. M'mawa tinayamba kumupatsa mankhusu a psyllium osakaniza m'chakudya chonyowa, amene amatelera m'matumbo n'kukokolola mchenga, ndipo ndinakonzanso modyera mwake kuti udzu usamagwere pansi. Sabata ino sagwira ntchito.

Lachisanu ndinayenda ndi maso olemera. Linalinso tsiku lolemba m'buku akavalo amene akuyenera katemera wa matenda oopsa aja a African horse sickness. Apa pali chinthu chimene alendo sachidziwa. Matendawa amafala ndi tizilombo touluka tating'ono kuposa udzudzu, ndipo timaluma kwambiri dzuwa likamalowa ndi m'bandakucha, ola lomwelo limene ife timagulitsa. Miyezi yozizira ino timachepa, n'chifukwa chake katemera, amene amachokera ku Onderstepoort ku South Africa, timabaya nyengo ino, kawiri, motalikirana masabata atatu. Nthawi yamvula timapopera akavalo mankhwala tisananyamuke, ndipo tikangobwerera timawalowetsa m'khola msanga, mlendo akadali kufuna kuwasisita pamphuno. Ena amaona ngati ndine wamwano. Kavalo amene matendawa amugwira m'mapapo amatha kufa m'masiku ochepa, thovu likutuluka m'mphuno.

Madzulo ake mlendo wina anafunsa ngati tingaone dugong, nyama ya m'nyanja yodya udzu wa pansi pa madzi imene zilumbazi zimatchuka nayo. Ndinamuuza kuti pa kavalo ayi, ayesere boti, ndipo ngakhale pa boti ndi mwayi. Malo ano ndi paki yotetezedwa kuyambira 1971, ndipo kuchokera 2017 akuyendetsa ndi a African Parks mogwirizana ndi boma la Mozambique, omwewo amene ali ku Majete, Liwonde ndi Nkhotakota. Nditawauza alonda a paki kuti kwathu ndi kufupi ndi Liwonde, tinayamba kupatsana moni ngati achibale.

Pofika Loweruka mwezi unali utatsala pang'ono kukhala wathunthu, ndipo pepala lija linali litatembenuka. Mwezi ukadzaza kapena ukafa, madzi kuno amasiyana mamita atatu kapena kuposa pakati pa kuphwa ndi kudzaza, ndipo amadzaza chakumadzulo. Mchenga wolimba wa Lolemba uja unali pansi pa nyanja, mafunde akunyambita tchire. Ndipo tsiku lomwelo ndi limene mnyamata wina wa ku London anasankha kufunsira mbeta. Anandikokera pambali masana, akunjenjemera, n'kundionetsa chithunzi cha pa Instagram cha akavalo awiri pamchenga wotambalala. Amafuna pomwepo. Ndinamuonetsa nyanja n'kumuuza kuti malowo ali pansi pa madzi olekeza m'khosi, ndipo adzaonekanso nthawi ngati imeneyi sabata yamawa.

Tinadzera kumtunda. Tinadutsa m'midzi, m'minda ya chinangwa, n'kulambalala nyanja yaing'ono ya madzi opanda mchere imene ili pakati pa chilumba. M'menemo muli ng'ona, ndipo sitilola kavalo kumwamo ngakhale akoke chingwe chotani. Kenaka tinatsika, kumanga akavalo m'munsi, n'kukwera wapansi chulu chachikulu cha mchenga chakum'mawa, poti kukweza kavalo pamenepo ndi munthu kumsana ndi nkhanza. Pamwamba umaona mbali zonse: kum'mawa nyanja yaikulu kumene anamgumi amadutsa miyezi ino, kumadzulo madzi abata ndi dzuwa. Mnyamatayo anagwada, mphete inatuluka, mtsikana analira. Ndikuuzani zimene ndinamva kwa mnzanga amene anawajambula, chifukwa ine ndinali nditatsetserekera kale kumunsi. Phwiti anali atayamba kutafuna chingwe chimene ndinamumangira.

Lamulungu sitilandira alendo madzi akakhala chonchi. Ndinatulutsa zishalo zonse pamthunzi, kumasula malamba, kutsuka zitsulo za m'kamwa ndi madzi opanda mchere, n'kupaka mafuta chikopa chilichonse. Mchere umadya ulusi wosokera mwakachetechete, ndipo lamba amaduka tsiku limene munthu wakwera. Chishalo cha Phwiti chinali chitauma gwa, chitachita mizere yoyera, ndipo chinandidyera maola awiri chokha.

Ndili mkati mopaka, amayi anaimba pa WhatsApp. Anafunsa za thanzi, za ndalama ya feteleza, kenaka funso lawo la nthawi zonse.

"Iwe mwanawe, nyanja yakoyo ikuthawabe?"

"Lero yabwera yonse, amayi. Yafika mpaka patchire."

"Nanga akavalowo akuyenda pati?"

Ndinatembenuza foni kuti aone Gogo, mutu uli m'modyera, akutafuna.