Wisiki wa mumgolo umodzi: werengani lebulo, konzekani ndi madzi

Botolo la wisiki lolembedwa dzina la fakitale monga Glentauchers kapena Benrinnes, pamwamba pali dzina la kampani monga Signatory kapena Cadenhead's, mphamvu yake 57.8%, limakhala ndi eni awiri. Amene anatcheza mowawo ndi wina, amene anasankha mgolo n'kuthira mowawo m'mabotolo ndi winanso. Ubwino kapena kuipa kwa botololo kumachokera kwambiri kwa wachiwiriyu.

Mafakitale ambiri a wisiki ku Scotland satcheza kuti dzina lawo lidziwike. Mowa wambiri wa Glentauchers ndi Miltonduff umathera mu Ballantine's, wa Inchgower mu Bell's, wa Auchroisk mu J&B, omwe ndi mawisiki osakaniza mowa wa mafakitale osiyanasiyana. Kawirikawiri amene amaupatsa mpata woonekera pawokha ndi makampani ogula migolo, monga Cadenhead's yomwe inayamba mu 1842 ku Aberdeen, Gordon & MacPhail ya ku Elgin yomwe inayamba mu 1895, ndi Signatory ya mu 1988. Malamulo a mu 2009 amamanga onsewa mofanana: kuti mowa utchedwe single malt uyenera kuchokera ku fakitale imodzi, kupangidwa ndi chimera cha balere ndi madzi, kutchezedwa m'miphika ya mkuwa, kukhala zaka zosachepera 3 mumgolo wa mtengo wa oak wosapitirira malita 700, ndiponso kulowa m'botolo mphamvu yake isanatsike pansi pa 40%.

Mawu oti cask strength, omwe mungawaone pa lebulo, amangotanthauza kuti sanathiremo madzi pouchotsa mumgolo. Sakutanthauza kuti mowawo ndi wabwino, ndiponso sakutanthauza kuti ndi waukali nthawi zonse. Mafakitale ambiri amadzaza migolo pa 63.5%, ndipo m'nyumba zosungiramo za ku Scotland, momwe mumakhala chinyezi ndi kuzizira, mphamvuyo imatsika pang'onopang'ono. Wa zaka 10 mumupeza cha m'ma 57% mpaka 61%, pomwe wa zaka 30 akhoza kukhala pa 46% popanda dontho la madzi.

Lebulo yabwino imanena tsiku lotcheza, tsiku lothira m'botolo, nambala ya mgolo, mtundu wake ndi kuchuluka kwa mabotolo. Nambala yomalizayi ambiri amaidumpha, chonsecho ndi imene imaulula zambiri. Mgolo wotchedwa hogshead umalowa malita pafupifupi 250. Chaka chilichonse pafupifupi 2% imauluka kudzera m'matabwa, choncho pakatha zaka 12 mumatsala malita osakwana 200, omwe ndi mabotolo 280 kapena kucheperapo a 700 ml. Mgolo wa bourbon (wisiki wa ku America) wa malita 200 umapereka ocheperapo, mgolo wotchedwa butt wa malita 500 umapereka pafupifupi kuwirikiza kawiri a hogshead. Lebulo ikanena kuti hogshead imodzi yatulutsa mabotolo 400, ndiye kuti mwina munalowa madzi kapena migolo inali ingapo. Akakhala ochepa kwambiri, monga 90, mwina mgolo unkadontha kapena anagawana ndi kampani ina.

Onaninso ngati mgolowo ndi first fill kapena refill. Woyambawo ndi mgolo umene ukusunga wisiki wa ku Scotland koyamba utasungapo bourbon kapena sherry (vinyo wa ku Spain), ndipo umalowetsa mtundu ndi kukoma kwake mwamsanga. Wa refill unagwirapo kale ntchito, matabwa ake ndi ofatsa. Kwa amene akufuna kudziwa khalidwe lenileni la fakitale yosatchuka, refill ndiye wabwino, chifukwa sherry wamphamvu amaphimba chilichonse mpaka Glentauchers ndi Miltonduff n'kumamveka ngati mowa umodzi. Koma refill wotopa amatulutsa mowa wotumbuluka, wothetheka pakhosi, womveka ngati sunakhwime ngakhale lebulo ikunena zaka 12.

Mayina ena ndi obisa dala. Burnside ndi Balvenie yemwe anathiramo kadontho ka Glenfiddich, ndipo Wardhead ndi Glenfiddich wothiridwa kadontho ka Balvenie. Kadonthoko kamachititsa kuti mwalamulo azitchedwa blended malt, kutanthauza wosakaniza wa mafakitale oposa imodzi, ndiye dzina la fakitale silingalembedwe.

Tsopano madzi, chifukwa apa m'pamene botolo labwino limaonongekera. Thirani 30 ml mu tambula yopapatiza kukamwa, muisiye mphindi 10. Nunkhizani pakamwa pali potsegula pang'ono, mphuno ili chapatali. Mukailowetsa mkati pa 58% imachita dzanzi ndipo simumvanso kanthu kwa kanthawi. Lawani kadontho osathira kanthu kuti mudziwe poyambira. Kenako werengani: gawani mphamvu ya m'botolo ndi mphamvu imene mukufuna, chotsani 1, chulukitsani ndi mamililita amene mwathira. Kutsitsa 30 ml kuchoka pa 58% kufika pa 50% kumafuna madzi 4.8 ml, yomwe ndi supuni ya tiyi imodzi. Kufika pa 46% ndi 7.8 ml. Musathire onse nthawi imodzi. Theka la supuni, zunguzani, dikirani mphindi ziwiri, lawani. Madzi akhale osazizira komanso opanda fungo la klorini. Ayisi amatseka fungo lomwe mwalipirira.

Mowa ukachita chifunga mutathira madzi musadandaule. Mabotolo otere nthawi zambiri sasefedwa mozizira, choncho mafuta achilengedwe amakhalamobe, ndipo amaonekera mphamvu ikatsika pansi pa 46%. Chowopsa chenicheni ndi kupyoza muyezo. Wisiki wachinyamata wa mumgolo wa bourbon amamwa madzi bwino, zipatso zake zimatuluka. Wakale kwambiri, makamaka wa sherry, amatha kuphwasuka ndi madontho ochepa n'kutsala kuwawa kwa thabwa kokha. Ameneyo madontho awiri kapena atatu akwana, ndipo mukapyoza, njira yokha ndi kuonjezeramo wisiki wina wa m'botolo.

Fungo la machesi oyaka kapena labala lili ndi magwero awiri. Lina limachokera ku salufa amene anafukizira mgolo wa sherry, ndipo madzi amalikulitsa m'malo molichotsa. Lina ndi la kutcheza kwenikweniko: Benrinnes imaziziritsa nthunzi m'mapaipi a mkuwa opiringizika omizidwa m'thanki la madzi, nthunziyo siikhudzana kwambiri ndi mkuwa, ndipo mowa umatuluka wolemera, wa kafungo ka nyama yowotcha. Ili si vuto, ndi chimene okonda Benrinnes amafuna.

Kumbukiraninso kuti 30 ml pa 58% muli mowa weniweni 17.4 ml, pomwe pa 40% muli 12 ml. Matambula awiri a uyu ali pafupi kufanana ndi atatu a wamba.

Botolo lisungidwe choimika, kutali ndi dzuwa. Mukaligoneka, mowa wamphamvu chotere umadya chitsekero cha cork mpaka kufumbutuka. Likatsala gawo limodzi mwa magawo atatu, tsanulirani m'kabotolo kakang'ono kodzaza bwino, chifukwa mpweya wochuluka m'botolo umachotsa fungo pakapita miyezi, ndipo mgolo wa nambala imeneyo sudzatulukanso.