Sabata imene tinawagoneka chafufumimba

Lolemba usiku anatibweretsera ku ICU bambo wina kuchokera ku thiyeta. Msempha wawo waukulu wochoka ku mtima, wotchedwa aorta, unang'ambika mkati, vuto limene madokotala amati type A dissection. Pa opaleshoni magazi ankayendetsedwa ndi makina a bypass, ogwira ntchito m'malo mwa mtima ndi mapapo, thupi analiziziritsa kwambiri, ndipo anawaonjezera magazi ochuluka. Zikatere mapapo amatupa, amadzaza madzi, ndipo mbali yakumsana imafota.

Pofika Lachiwiri m'mawa, makina opumira ankapereka okosijeni wa 80 peresenti koma PaO2, muyeso wa okosijeni m'magazi, inali 60 yokha. Mukagawa 60 ndi 0.8 (80 peresenti ija) mumapeza 75 pa P/F, muyeso wa mmene mapapo akulowetsera okosijeni m'magazi, pamene yotsika pansi pa 100 ndi yoopsa kale. Adokotala anayamba ajambula X-ray ndi echo (sikani ya mtima) kuti atsimikize kuti phapo silinaphulike komanso magazi sanaunjikane mozungulira mtima. Zonse zinali bwino. Tinachepetsa mpweya wolowa nthawi imodzi kufika 6 ml pa kilogalamu, kuwerengera kutalika kwa munthu osati kunenepa kwake, n'kuwapatsa Lasix, mankhwala otulutsa madzi m'thupi. Titakweza PEEP, mphamvu ya mpweya imene makina amasiya m'mapapo kuti asafote, BP inagwa, tinabwerera pang'ono. Nitric oxide, mpweya wotsegula misempha ya magazi m'mapapo, anathandiza, koma osati mokwanira.

Lachitatu ndi pamene nkhani yowagoneka chafufumimba inabwera. Kunena zoona, mtima wanga unali m'mwamba. Munthu wa fupa lapachifuwa longomangidwa kumene ndi mawaya, machubu otulutsa magazi ali lendelende, mawaya a pacing othandiza mtima kugunda ali pamimba, n'kumutembenuza? Adokotala a opaleshoni anabwera, anakhudza chifuwacho ndi zala ziwiri, nati, "Fupali lagwirana, Sisita. Tiwatembenuze."

Tinalipo anthu 6. Adokotala anaima kumutu atagwira chubu chopumira, maso osachoka pa monitor, ndipo ndi iwo okha ankawerenga manambala kuti tonse titembenuze nthawi imodzi. Ine ndinali ndi machubu a pachifuwa. Tinaika mapilo kuti bala lisapanikizike ndipo mimba ikhale yomasuka. Sindinachoke pabedipo mpaka BP itakhazikika.

Akazi awo atalowa anadzidzimuka. "Sisita, mwawatembenuziranji bambo?" Ndinawakhazika pansi n'kuwafotokozera kuti gawo lalikulu la mapapo lili kumsana, ndipo munthu akagona chagada mtima ndi madzi zimalipsinja. Akagona chafufumimba limatseguka, magazi n'kukumana ndi mpweya. Ndinawauziratu kuti nkhope itupa, asachite mantha.

Anagona choncho maola 16, ife tikutembenuza mutu ndi mikono pa maola awiri alionse kuti zilonda zisayambe. Pofika m'bandakucha tinali titatsitsa okosijeni kufika 50 peresenti. Tinabwerezanso kawiri. Nitric oxide tinamuchotsa pang'onopang'ono, chifukwa kumusiya mwadzidzidzi kumakweza kuthamanga kwa magazi m'mapapo.

Lamlungu masana tinachotsa chubu chopumira n'kuwaika pa high flow, okosijeni wambiri wodzera m'mphuno. Ndinawapatsa pilo woti azikumbatira pachifuwa potsokomola. Mawu anali atasasa, koma anandikodola napempha madzi.