Zikomo achimwene a jenereta

Achimwene amene munaima usiku uja mutandiona ndikulimbana ndi jenereta, munakana kuti ndikutchuleni dzina, komabe zikomo kwambiri. Ndinali nditakoka chingwe mpaka phewa kuwawa, injini ili zii, ine kumangoti vuto ndi pulagi basi. Inu munayamba mwaona oyilo, anali atatsika, nkundiuza kuti tiinjini tambiri ta four-stroke, tija tothira oyilo payekha osasakaniza ndi petulo, timadula moto tokha oyilo akachepa, ine zimenezo sindimazidziwa ata. Kenako munamasula kabuleta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya, nkupeza kajeti, kabowo kodutsa petulo, katatsekeka ndi petulo wokhalitsa, munakatsegula ndi kawaya kopyapyala tochi mutailuma pakamwa. Kukoka kawiri kokha, yalira! Makina othandiza mwana wanga kupuma anayaka, chifuwa chinamasuka, anagona mpaka kunja kucha. Nanenso tulo ndinatiwonako.