Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Tsiku lomwe amayi anaimbira masoja nthungululu

Gawo lapita lija ndinasiyira pomwe tinasamuka ku Dedza kubwera ku Kawale. Lero ndikambe za Disembala wa 1993, ndili Sitandade 5.

Linali Lachisanu pa 3, phala lili pamoto, tinangomva phuu! phuu! cha ku Kamuzu Institute uko, poyamba tinkayesa mabingu poti inali nthawi ya mvula koma ayi zinangopitirira, mpaka bambo wina anadutsa pa njinga akukuwa kuti masoja akulanda mfuti apayoniya. Ana a lero simungamvetse kulemera kwa mawu amenewo. Apayoniya, gulu la achinyamata la Kamuzu lotchedwa Malawi Young Pioneers, anali ndi mfuti zawozawo, mabesi awo m'maboma, ndipo ngakhale wapolisi sankangomugwira mpayoniya chisawawa. Riferendamu inali itachitika kale pa 14 Juni, matipate itawina, Kamuzu ali chidwalire atachitidwa opaleshoni ku South Africa, koma mantha aja anali akadali m'mimba mwa anthu. Chinaputa mavu ndi ku Mzuzu, komwe masiku awiri m'mbuyomo apayoniya anawombera asilikali awiri nkuwapha. Dzina loti Operation Bwezani ine ndinadzalimva mochedwa, tsikulo tinkangoti kwavuta.

Ndiye amayi anga, mayi wa Mvano, munthu woti nkhuku yomwe ankachita kupempha mwana wa aneba kuti awaphere, ndinawaona ndi maso angawa ataima m'mbali mwa msewu chitenje chili m'chiuno akuimba nthungululu lole ya asilikali ikudutsa. Sanali okha. Anthu anathyola nthambi, ena akuimika zala ziwiri zija za matipate, azimayi ogulitsa mango akuponyera m'malole osawerenga nkomwe, ife ana tikuthamangira pambuyo kulumpha zithaphwi opanda nsapato, zipolopolo zikulira chapatali ife osalabada. Enanso, tisanamizane, anapezerapo danga lonyamula mipando ndi matilesi osakhala awo. Ine ndinatola kachitsulo kotsala ka chipolopolo nkukabisa m'chitini cha mabulo.

Koma kuseri kwa nyumba yathu kunkachita lendi banja lina, bambo ake anali mpayoniya, wongophunzitsa ana masewero olimbitsa thupi kusukulu, ndipo ndi amene anandiphunzitsa kupalasa njinga. M'mawa womwewo anatuluka ndi malaya wamba, osatsanzika. Madzulo ndikupita kuchimbudzi ndinapeza akazi awo atagwada akukankhira yunifolomu ndi jombo m'dzenje ndi mtengo wa mpini, jombo imodzi ikukana kulowa, mwana ali kumbuyo. Atandiona anangoti, "Usakanene mwanawe." Ndinakanena basi. Amayi sanayankhe kanthu, anapakula nsima ndi usipa, kuvindikira mbale, nkunyamula okha kukapereka, mawu ali osasa ndi nthungululu za masana zija. Akuti apayoniya pafupifupi 2,000 anathawira ku Mozambique. Bambo aja kaya anali m'gulu limenelo kaya, ife sitinawaonenso, ndipo mwezi usanathe mayi aja anabwerera kwawo.

Sabata zotsatira masewero athu anali nkhondo yokhayokha, mfuti za mapesi ndi za mawaya, aliyense kufuna kukhala soja, upayoniya tinkaupereka kwa tiana tating'ono tosatha kukana.

Pa Khrisimasi kunabwera amalume, mlongo wawo wa amayi, msilikali weniweni. Iwo anali m'gulu lomwe linkalondera njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, asilikali athu anayamba kupitako cha mu 1987 kuti sitima zizidutsa, ndipo ena anafera komweko. Kunoko nkhondo imeneyo tinkangoidziwira pa anthu othawa kwawo omwe anadzadza ku Dedza, Ntcheu, Nsanje mpaka kupitirira 1 miliyoni, zoti a kwathu akufanso kumeneko zinkangonong'onedwa. Amalume anali ndi kachizolowezi kena, tikamapita kugolosale sankaponda pa udzu wa m'mbali mwa njira ayi, ankaponda pomwe wina waponda kale, ine nkumaseka osadziwa za mabomba okwirira.

Ndisanamalize ndinene izi. Pa mademo a 2019 aja nanenso ndinaombera m'manja asilikali pomwe ankayenda nafe kutiteteza, ndipo sindikuchita nazo manyazi. Koma mu Novembala 2018 pomwe asilikali athu 6 anaphedwa cha ku Beni ku DRC, komanso atatu aja mu Januwale 2025, ambirife tinangolemba RIP pa Facebook mawa lake nkubwerera ku za Bullets ndi Nyerere. Timawakonda kwambiri masoja akakhala pa msewu wathu, akumenya amene ife tadana naye.

Ndiye tsiku la Khrisimasi lija amalume anakhala pakhonde akusenda mango ndi kampeni, aneba akubwera mmodzimmodzi kudzawagwira chanza eti mwatiwombola akuluakulu, iwo nkumangogwedeza mutu. Anthu atachepa ndinatulutsa kachitsulo kanga kaja, kuwaonetsa monyadira, nkufunsa, "Amalume, inu ku Mozambique munapha angati?"

Amayi anakuwa ali kukhitchini kuti iwe chete. Amalume anakatenga, kukatembenuza, nkukaika m'thumba la malaya awo.

"Mphwanga, ukanafunsa kuti tinapita angati, tinabwerako angati."

Kenako anandipatsa bango lomwe anasenda lija, nkufunsa amayi kuti, "Achemwali, nyumba yakuseriyi bwanji ili zii, anthu ake apita kuti?"