Chipinda chosokera chatha, ndabwera kudzathokoza

Abale, anzanga a pa Facebook ndi inu makasitomala anga, Loweruka lapitali tinachotsa makina osokera pabalaza n'kuwalowetsa m'chipinda chawochawo kuseri kwa nyumba yathu kuno ku Matawale mu Zomba. Ngongole ya ku banki mkhonde nayo ndinamaliza kubweza mwezi watha. Mauthenga anu ndawaona. Ena mukuti ndine mayi wolimba mtima, ena mukuti ndadzitukula ndekha. Ndalandira ndi manja awiri, koma zoti ndekha zokhazo ayi. Pali anthu amene anandipatsa nthawi yawo, mphamvu zawo ndi ndalama zawo pamene ndinalibe chowabwezera. Lero ndikufuna ndiwathokoze pagulu. Mayina ndiwasunga, poti ambiri mwa iwo sakonda kutchulidwa, koma eni ake adzizindikira.

Kwa amene mwayamba kunditsatira posachedwa, ine ndimasoka zinthu za chitenje: zikwama za m'manja, zikwama za laputopu, maepuloni, madilesi a ana, komanso mayunifolomu a pachinkhoswe ndi paukwati. Ndinayamba mu 2020 sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Ana onse atatu anali pakhomo tsiku lonse, ntchito ya bambo awo inali itachepa, ndiye ndinatola tizidutswa ta zitenje n'kuyamba kusoka mamasiki.

Makina anali a apongozi anga, Singer wakale wopalasa ndi miyendo, amene ankasokera mayunifolomu a ana awo ku Domasi. Atamva kuti ndikubwereka makina kwa anthu, anauza mdzukulu wawo kuti amasule mutu pawokha, miyendo payokha, n'kukwera nazo minibasi. Atafika sananene kuti akundibwereka. Anati makina atenga mwini watsopano. Amayi, zikomo. Mu 2022, namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi ku Kapichira, magetsi ankazima maola ambiri patsiku kwa miyezi yambiri, ndipo anzanga a makina amagetsi ankakhala manja lende kudikira pakati pa usiku. Ine ndinkangopalasa, kusita ndi simbi ya makala, mwana wanga woyamba atandiunikira singano ndi tochi ya foni. Mphatso yanu ndi imene inatidyetsa chaka chimenecho.

Kenako kunabwera Malichi 2023. Tonse a kummwera kuno tikukumbukira mvula ya namondwe wa Freddy, imene inagwa masiku angapo osakata. Tikudziwa zomwe zinachitika ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe ndi kwa abale athu a kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Anthu mazanamazana anataya miyoyo, choncho zanga ndikuzinena modzichepetsa, podziwa kuti m'nyumba mwathu tinatuluka tonse amoyo. Khoma la chipinda chimene ndinkasungiramo katundu linali la njerwa zomangira dothi. Linanyowa kuyambira pansi, ndipo usiku linagwera mkati. Pansi pake panali makina, zikwama zomalizamaliza zodikira eni ake, ndi zitenje zonse za yunifolomu ya chinkhoswe cha banja lina, zimene eni ake anagula ndi ndalama zawo n'kundisungitsa.

Kutacha ndinangoima pakhomo, manja ali m'khosi. Amayi oyandikana nawo anafika ndi mabeseni mvula isanakate n'komwe. Sanataye nthawi ndi kundipepesa. Anayamba kufukula nsalu m'matope, kutsukuluza imodziimodzi, kumanga zingwe m'makonde a nyumba zawo n'kuyanika. Dothi lofiira likalowa mu nsalu yowala silituluka lonse, ndipo zitenje zambiri zinatsala ndi mawanga. Ine ndinkaziona ngati zotayika. Mayi mmodzi, mnzathu wachisilamu amene amandisoketsa zovala za ana ake pa Eid, anatambasula chitenje chimodzi, n'kuyamba kuyeza ndi chikhatho malo amene anali oyera pakati pa mawangawo. Anandionetsa kuti apa patuluka kachikwama ka ndalama, apa kansalu komangira tsitsi. Tizinthu timeneti ndi timene tinagula ufa m'nyumba mwanga miyezi yotsatirayo. Achemwali, Mulungu akudalitseni, inu ndi amayi onse amene munanyowa tsiku lija chifukwa cha ine.

Makina tinawanyamula pa kabaza kupita nawo kwa bambo wina wokonza, amene amakhala pakhonde la sitolo pafupi ndi msika waukulu. Ndinakhala pambali pawo ndikuonerera. Anayala thumba pansi, kumasula kachitsulo kalikonse n'kukaika pamalo pake motsatana, shatulo apa, bobini apa, tizomangira tating'ono m'chivindikiro cha botolo. Ananyika zonse mu parafini, kukwecha dzimbiri ndi mswachi wakale, kusintha lamba yemwe anali atafufuma ndi madzi. Atabwezeretsa zonse anatenga kansalu, kupalasa pang'ono, n'kutchera khutu kumvetsera kalilidwe ka makinawo asanayang'ane n'komwe msoko. Nditafunsa mtengo anati ndidzawalipire ndikayambiranso kusoka. Sanalembe paliponse. Bambo, ndinakulipirani, koma chikhulupiriro chimene munandionetsa chilibe mtengo woti ndingabweze.

Foni yovuta kwambiri kuimba inali ya kwa mayi ake a mtsikana wa chinkhoswe uja. Ndinawauza zonse mmene zinalili, ndikuyembekezera kuti andiuza kuti ndibweze ndalama. Iwo anayamba ndi kufunsa ngati ana ali bwino. Kenako anati agulanso nsalu, ine ndisoke monga tinapanganira, za kuwerengerana tidzakamba chinkhoswe chikadutsa. Anali ndi ufulu wonse wopita kwa telala wina, ndipo mu Zomba muno matelala aluso ndi ambiri. Anasankha kundidikira. Amayi, patsiku lija munandibwezera dzina langa pa ntchito.

Za gulu lathu la banki mkhonde ndikufuna ndikhalepo pang'ono, chifukwa pali anthu amene amaliona ngati malo ochezera amayi osowa chochita. Timakumana sabata iliyonse. Aliyense amagula masheya malinga ndi thumba lake, ndalama zimawerengedwa pamaso pa onse, ndipo bokosi lili ndi maloko atatu, makiyi ake ali kwa anthu atatu osiyana. Wofuna ngongole amabwereka n'kubweza ndi chiwongoladzanja, chimene kumapeto kwa chaka timagawana tokha. Palinso kathumba kapadera ka zadzidzidzi, ka maliro ndi matenda. Khoma litagwa, amayiwa anandipatsa thandizo kuchokera m'kathumbako, ndipo anagwirizana kunditalikitsira nthawi yobweza ngongole yomwe ndinali nayo. Nditamaliza imeneyo anandibwereketsanso ina, yomwe yagula simenti ndi malata a chipinda chatsopanochi. Mayi wosokera pabalaza, wopanda chikole, wopanda kalata ya kuntchito, amavutika kuti amvedwe m'mabanki akuluakulu. Amayi anzangawa chikole chawo chinali kundidziwa: amadziwa kumene ndimagona, amadziwa mmene ndimagwirira ntchito.

Ndi gulu lomweli limene linatipulumutsa kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamwamba pa 25 peresenti ya mu Meyi 2022. Zipi, ulusi, layiningi, mphete zachitsulo za zikwama, zambiri mwa izi zimachokera kunja, ndipo mitengo yake inkasintha munthu usanamalize oda imene unalandira pa mtengo wakale. Amene timasoka m'gulumo tinayamba kusonkherana. Mmodzi amakwera kupita ku Limbe kukagula zambiri pamodzi pa mtengo wopikulira, thiransipoti n'kugawana. Tinayambanso kugwiritsa ntchito kwambiri zitenje za kampani ya Mapeto zopangidwa ku Blantyre, m'dziko mommuno. Nzeru imeneyi inachokera kwa msungichuma wathu, mphunzitsi wopuma, amene tikafooka amakonda kutikumbutsa kuti Mayi Joyce Banda, mwana wa kwa Malemia kuno ku Zomba, anayamba ndi kampani yosoka zovala ya Ndekani m'zaka za m'ma 1980, asanakhazikitse bungwe la amayi ochita bizinesi la NABW, ndipo mu 2012 anakhala mtsogoleri wa dziko. Satiuza izi chifukwa cha ndale. Amafuna tisamachite manyazi ndi makina osokera.

Tsopano inu makasitomala. Ndikuthokoza makamaka amene mumalipira mtengo umene ndatchula, ndipo ndikuuzeni chifukwa chake zimandikhudza chotere. Chikwama cha laputopu chisanafike paphewa panu, chitenje chimayamba chachapidwa kuti chisadzafupike kapena kusuluka m'manja mwanu. Chikauma chimasitidwa, n'kudulidwa potsatira patani ya pakatoni, ndipo maluwa a nsaluyo ayenera kukumana bwino kutsogolo, zomwe zimadya nsalu yambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Mkati mumalowa siponji yotetezera laputopu, kenako layiningi, kenako zipi. Zingwe zonyamulira ndimazibwereza kusoka kangapo, chifukwa mwana wasukulu amaikamo ndi mabuku omwe. Ntchito yonseyi imachitika pakati pa kuphika, kusambitsa mwana ndi kuthamangira kusikelo. Ndiye munthu akafika n'kunena kuti poti ndimasokera pakhomo sindilipira lendi, ndimuchitire mtengo wachibale, kapena akayerekeza ndi chikwama cha pakaunjika, mtima umandiwawa. Bizinesi za amayi ambiri sizifa chifukwa chosowa luso. Zimafa ndi ngongole za abale ndi anzawo, za "ndidzakupatsa kumapeto kwa mwezi" zosafika. Inu amene mumatumiza theka la ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba ndisanadule nsalu, n'kumaliza yotsalayo polandira katundu, ndinu amene mwamanga makoma awa.

Ana a sukulu a ku Chanco, ndalama zanu ndi zochepa ndikudziwa, koma mwandilengezera ntchito kuposa chikwangwani chilichonse. Chikwama chimodzi chikalowa m'kalasi ku Chirunga, sabata yomweyo ndimalandira mauthenga kuchokera ku Chikanda, kumene ophunzira ambiri amagona. Mphunzitsi wina wa pomwepo anaona chikwama kwa wophunzira wake n'kundipatsa oda ya zikwama za msonkhano, yoyamba yaikulu pamoyo wanga. Zikomonso kwa achimwene amene mumagulitsa ziboliboli kwa alendo okwera phiri kupita ku Ku Chawe, chifukwa chovomera kuika zinthu zanga pambali pa zanu. Amayi a Mvano, mapemphero anu ndi maepuloni amene munandisoketsa pa nthawi imene ndinalibe oda ina iliyonse, sindinaiwale.

Pakhomo pano. Bambo a ana anga, anzanu ena ankakusekani atakuonani mwabereka mwana kumbuyo mukuvundula nsima ine ndili pamakina. Simunasiye. Mwanyamula maphukusi kupita nawo kudepoti m'mamawa musanapite kuntchito kwanu. Koma chachikulu chimene ndikufuna anthu amve ndi ichi: simunagwirepo mpamba wanga. Ngakhale masiku amene m'nyumba munalibe ndiwo, munkati ndalama ya nsalu ndi ya nsalu. Ndikudziwa amayi aluso kuposa ine amene anasiya kusoka chifukwa ndalama iliyonse yolowa inkatengedwa tsiku lomwelo, mpamba n'kuthera m'mbale. Abambo amene mukuwerenga, ngati mayi akunyumba ali ndi kabizinesi, thandizo loyamba ndi limeneli.

Agogo a nyumba yoyang'anana nafe, mwandilerera mwana wanga wotsiriza masana ambiri osalandira kanthu. Ndikabwera ndi kashuga kuti ndithokoze mumandibweza nako, mukuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ana anga, mwakula mukudumpha nsalu pabalaza, mukulembera homuweki pampando chifukwa tebulo ladzaza mapatani, mukudziwa kuti mapini satola ndi manja okha koma ndi maginito. Tebulo lija labwerera kwa inu. Mlamu wanga amene munandiphunzitsa kujambula katundu panja m'mawa dzuwa lisanakwere, kuti mitundu ya chitenje ioneke mmene ilili, zithunzi zonse zimene anthu amayamikira pano ndi maphunziro anu. Ndipo pamwamba pa onse ndikuthokoza Mulungu, amene anatisunga usiku uja khoma likugwa m'chipinda choyandikana ndi chogona ana.

Chipindachi n'chaching'ono, koma chikukwana makina awiri ndi tebulo lodulira. Mwezi wamawa atsikana awiri a m'dera lathu lino, amene anasiya sukulu atabereka, ayamba kuphunzira kusoka kwa ine osalipira. Adzibwera ndi ana awo, mphasa ilipo. Amene muli ndi zidutswa za zitenje zimene zangokhala m'nyumba, tipatseni aziphunzirirapo.

Ofuna zovala ndi mphatso za tsiku la anakubala pa 15 Okutobala, chonde bweretsani nsalu Seputembala asanathe, kuti ndisakusokereni mothamanga. Ana akaweruka kusukulu mpaka titadya madzulo sindiyankha foni, koma uthenga uliwonse ndimauyankha m'mawa mwake. Amene muli mu Zomba muno bwerani mudzaone chipinda chimene mwathandiza kumanga. Tiyi alipo.