Sitima ya masana

Mafilimu a makawuboyi sindinkawakonda. Ndinkati ndi phokoso la mfuti ndi fumbi la mahatchi basi. High Noon ndinaionera usiku wina tulo titandithawa, ndipo chomwe chinandisowetsa tulocho n'chimene chinapangitsa kuti filimuyi indikhudze kwambiri.

Sabata imeneyo mnzanga wa kuntchito anamunamizira kuti anasowetsa katundu. Ine ndinkadziwa kuti si iye, chifukwa mapepala otulutsira katunduyo anadutsa m'manja mwanga ndipo siginecha inali ya munthu wina wamkulu kuposa tonsefe. Mnzangayo anabwera kudzandipempha kuti ndikamuchitire umboni Lachisanu. Ndinangoti, "Ndiona kaye, achimwene." Iye anamva zomwe ndinkatanthauza.

Filimuyi inatuluka mu 1952, ndi yopanda mitundu, ndipo anaiwongolera ndi Fred Zinnemann. Gary Cooper akusewera Will Kane, mkulu wosungitsa lamulo m'tauni ya Hadleyville. Tsiku la ukwati wake, atangotula udindo, akumva kuti Frank Miller, chigawenga chomwe iye anachitumiza kundende, wamasulidwa ndipo akufika pa sitima ya 12 koloko masana kudzamubwezera. Anyamata atatu a Miller akumudikira kale pasiteshoni. Filimu yonse ndi ya mphindi 85, ndipo nthawi ya mufilimu imayenda pafupifupi limodzi ndi ya iwe woonera. Kamera imangobwererabwerera pa mawotchi a pakhoma mpaka nawenso umayamba kuwerenga mphindi.

Mfuti zimalira kumapeto kwenikweni. Mbali yaikulu ndi ya munthu mmodzi akuyenda khomo ndi khomo kupempha thandizo. Woweruza amene anagamula mlandu wa Miller akulongedza katundu n'kuthawa. Wachiwiri wa Kane akuvula baji chifukwa cha nsanje. Kutchalitchi anthu akukangana mpaka kugwirizana kuti ndi bwino Kane angochoka, tauni isaipe mbiri. Koma amene anandilasa mtima ndi mnzake Sam Fuller, yemwe akubisala m'nyumba n'kutuma mkazi wake kuti akanene pakhomo kuti kulibe. Pamenepo ndinaimitsa filimu. Munthu amafuna adzione mwa ngwazi, koma ine ndinadziona mwa wobisalayo. Ndipo palibe mwa anthuwa amene ali woipa mtima. Aliyense ali ndi chifukwa chomveka, monga changa: ana, lendi, bwana amene saiwala.

Kane naye sali wolimba ngati mwala. Akutuluka thukuta, nkhope yatopa, akukhala pansi kulemba wilo chifukwa akuona kuti imfa ili pafupi. Cooper anali atapitirira zaka 50 ndipo ukulu wakewo sanaubise. Analandira mphoto ya mafilimu ya Oscar chifukwa cha gawo limeneli. John Wayne, katswiri wina wa mafilimu a makawuboyi, filimuyi anadana nayo poyera, koma ine mantha a Kane ndi amene anandithandiza. Akanakhala wopanda mantha, ndikanati, "Amenewo ndi anthu ena, si ife."

Pambuyo pake ndinamva za Carl Foreman, amene analemba filimuyi. Mu 1951, filimu ikupangidwa, anaitanidwa ndi komiti ya nyumba ya malamulo ya ku America yomwe inkasaka anthu oganiziridwa kuti ndi achikomyunizimu. Anakana kutchula mayina a anzake. Ntchito ku Hollywood inamuthera, anzake ena anamutaya, ndipo anasamukira ku England. Zitseko zotsekedwazo sanazipeke, ankazidziwa bwino.

Ndimakumbukiranso Amy, mkazi wa Kane, amene anamusewera Grace Kelly. Ndi wa mpingo wa Quaker, wokana chiwawa chilichonse, ndipo anali atakwera kale sitima kuti achoke. Atamva kulira kwa mfuti anatsika n'kuthamangira kwa mwamuna wake. Pa tauni yonse, amene anabwerera ndi iye yekha, mochedwa, koma anabwerera.

Lachisanu m'mawa ndinafotokopa mapepala aja. Manja ankanjenjemera moti limodzi linagwa pansi. M'chipinda chokambira mlanduwo munali anthu asanu, ndipo mnzangayo anali atakhala payekha pakona, atagwira chipewa m'manja. Atandiona ndikulowa sanalankhule kanthu. Anangokoka mpando umene unali pafupi naye kuti ndikhalepo.